Kwa Anyani, Mwana Wamkazi Amatsala

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale mnzanga amene tinkakhala desiki imodzi mpaka tsiku lomaliza mayeso: ine ndinatengera adadi. Anthu akandiona amati, "Mwayi wako mwana iwe, unatengera malemu amayi ako," ine n'kumwetulira. Kumwetulirako ndinachita kuphunzira pagalasi la kubafa. Ndinaphunziranso kuyang'ana munthu pakati pa nsidze kuti aziyesa ndikumuyang'ana m'maso. Palibe amene anandigwirapo. Anthu sapenyetsetsa; bola uwaonetse mano, basi ndiwe mwana wabwino.

Adadi ali ndi otizimu, chibadwa chimene chimachititsa munthu kumva ndi kuona zinthu mosiyana ndi ena. Dzinali anatiuza ndi dokotala ine ndili kale ku sekondale, koma abale athu analiona lalitali. Iwo amangoti "mutu wake uja," uku akugogoda chala pamphumi pawo ngati m'katimo muli kanthu.

Adadi amasita zovala pamalo ochapira kuseri kwa siteshoni ya mabasi. M'mawa amaika thonje m'makutu n'kudzera njira yakumbuyo, yaitali, kuthawa mahutala ndi anyamata oitanira. Malaya aliwonse amayamba kolala, kenako manja, kenako msana. Ukawalankhula ali pakati pa malaya, sayankha mpaka awapachike. Akaweruka amamwa tiyi m'kapu yawo yobiriwira, n'kukhala patebulo kuumba zigaza.

Inde, zigaza. Zadongo, zazing'ono ngati chibakera. Zandandalikana pashelefu ya pabalaza: kumanzere kwenikweni kuli changa wamaso aakulu uja, kenako apusi, anyani, gorila, chimpanzi, ndi makolo akale amene mayina awo amapinda lilime. Kumapeto kuli munthu, ndipo adadi salola kuti akhale pamwamba pa anzake. Nkhani yawo ndi imodzi: mmene mtundu umenewu unagawikira nthambi ngati mtengo, mchira unatha liti, chala chachikulu chinayamba liti kukumana ndi zinzake. Akaiyamba, alendo amayang'ana kukhomo. Inenso ndimayang'ana kukhomo kuti ndifanane nawo. Koma ndimamva liwu lililonse, ndipo pochapa mbale ndimazibwereza mumtima ngati nyimbo.

Nditamaliza sukulu, azakhali anaganiza zondipulumutsa.

Azakhali ndi mlongo wawo wa adadi, wamng'ono, koma amawalankhula ngati akulankhula ndi mwana wa m'kalasi yoyamba. Ali ndi shopu ya mawigi ndi mafuta odzola, ana atatu osamva, ndipo wantchito wawo anali atangothawa kumene. Zomalizazi sanazitchule. Pafoni anangoti akufuna ndikakhale kwawo, ndikaphunzire kukhala ndi anthu. Ine ndinati "chabwino," poti ndilo liwu limene limathetsa nkhani msanga. Ndinawauza adadi. Mawa lake ndinapeza zovala zanga zonse atazisita, zitapindidwa pabedi, ngakhale masokosi.

Anabwera kudzanditenga Loweruka masana ndi amuna awo, amene ine mumtima ndimawatchula aMakiyi, chifukwa sakhala osagwedeza makiyi a galimoto, kuopa tingaiwale kuti ali nayo. Azakhali analowa ndi fungo la pafyumu limene linandigwira pakhosi. Ndinaona adadi akusunthira mpando wawo kuwindo. Inenso ndinkafuna kutero, koma ndinapita kukathira tiyi.

"Alamu!" anakuwa aMakiyi, ngati adadi ndi ogontha. "Bwanji anyani? Akudya bwino?"

"Ndilibe anyani amoyo," anayankha adadi, akuyang'ana tebulo. "Izi ndi zadongo."

AMakiyi anaseka mpaka kutsokomola. Anapita kushelefu, n'kunyamula chigaza chimodzi ndi zala zawo zonona.

"Awa ndiye agogo anu aja?"

"Ayi. Ameneyo ndi chimpanzi. Si gogo, ndi msuweni. Ife sitinachokere kwa iye. Ife ndi iye tili ndi kholo limodzi." Adadi anaima pang'ono. "Ndi msuweni wanunso."

"Wanga ayi, alamu! Kwathu kulibe zimenezo. Mwina kubanja kwanu kuno."

"Inu mukuwayambitsanso," anatero azakhali, akuwamenya pamkono mwachikondi. "Tichoka mawa muno."

AMakiyi anabwezera chigazacho, koma anachiika kumanzere, pakati pa changa ndi pusi. Ndinaona chala chachikulu cha adadi chikuyamba kusisita bondo, kupita ndi kubwera, kupita ndi kubwera. Chala changanso chinali chitayamba pansi pa thireyi. Chigazacho chinali pamalo olakwika, ndipo ndinkachimva ngati kamwala m'nsapato. Amati anyani sasekana zikundu. Amene ananena zimenezo sanakumanepo ndi abale athu.

Azakhali anapsontha tiyi, anayang'ana m'kapu ngati akufunamo ntchentche, n'kumwetulira ndi mano onse. Adadi anandiuzapo kuti chimpanzi akaonetsa mano onse sikuti wakondwa; kawirikawiri ndi mantha, kapena akunyengerera. Chiyambire pamenepo azakhali sindiwaona bwino akamwetulira.

"Achimwene, tabwera za mwanayu," anatero, liwu lililonse akulitafuna pang'onopang'ono. "Mwamulera, tathokoza. Mwayesetsa monga mmene mungathere, aliyense akudziwa. Koma wakula. Mtsikana sangakhale m'nyumba ya zigaza. Adzamufunsira ndani? Mwamuna akadzalowa muno adzayesa wasochera kwa sing'anga."

"Kapena kumanda," anawonjezera aMakiyi, akudziseka okha.

"Tamuonani, salankhula, alibe anzake, amangokhala ngati mpando. Kwathu akatseguka mutu. Akaona makasitomala, akaphunzira kuseka ndi anthu. Iwe, tawauza adadi ako kuti ukufuna kubwera."

Ndinayang'ana pakati pa nsidze zawo zojambula ndi pensulo. Ina inali yaitali kuposa inzake. Ndinaganiza za shopu yawo, wailesi ikulira tsiku lonse, mababu oyera aja amene amangoti ziii m'mutu, akazi akundigwira tsitsi osapempha. Ndinaganiza za adadi akubwera kuntchito, akuchotsa thonje m'makutu, m'nyumba mulibe woti amuuze za mchira. Ndinangosuntha makapu pathireyi.

"Mwaona?" anatero azakhali. "Ndiye inu mukuti bwanji, achimwene? Tiyankheni. Tili ndi kwina kopita."

Adadi anayang'ana kushelefu. AMakiyi anagwedeza makiyi. Panja panadutsa njinga yamoto, ndipo ine ndi adadi tinakweza mapewa nthawi imodzi, koma palibe amene anaona.

"Kwa achimpanzi," anayamba adadi, "mwana wamkazi akakula amachoka. Amapita kugulu lina. Palibe womuletsa."

"Ayi ndithu," anadandaula azakhali, akuyang'ana kudenga.

"Kwa anyani ambiri, amene amachoka amakhala wamwamuna. Wamkazi amatsala pomwe anabadwira."

"Mwamva? Ife tikukamba za mwana, iwo akukamba za anyani. Ndi zimene ndimanena zija izi."

"Ife tili pafupi ndi achimpanzi kuposa anyani," anamaliza adadi.

Analankhula mosakweza kapena kutsitsa mawu, ngati akuwerenga chikwangwani. Azakhali anamva phokoso chabe. Ine ndinamva zonse. Kuyambira tsiku lija anasita masokosi anga, adadi anali akukwera mtengo wawo nthambi ndi nthambi, kufunafuna chifukwa chondisungira. Anachipeza kwa anyani, koma anyani ali kutali nafe, ndipo adadi sanama, ngakhale bodza lowathandiza. Chala chawo chinali chikusisita bondo mpaka nsalu ya buluku kutentha.

"Ndiye kuti avomera," anatero aMakiyi, akudzuka. "Chimpanzi wavomera, alamu avomera. Mwana iwe, katenge chikwama."

"Akazolowera msanga," anatero azakhali kwa amuna awo, ngati ife tatuluka. "Ameneyu ndi amayi ake enieni. Tithokoze Mulungu kuti sanatengere..." Anagogoda chala pamphumi. Pamaso pa adadi, m'nyumba mwawo, atamwa tiyi wawo.

Ndinaimirira. Khomo la kuchipinda linali kumanja, koma ine ndinapita kushelefu. Ndinanyamula chimpanzi uja ndi manja awiri, n'kumubwezera pamalo pake, pambali pa gorila. Mapewa a adadi anatsika. Anganso anatsika.

"Adadi," ndinatero, ndikuyang'ana shelefu, "mwasiya china. Si onse amachoka. M'magulu ena aakazi ena amatsala. Munandiuza nokha, tsiku lomwe munkaumba nsagwada iyi."

Chala chinaima pabondo.

"Ndi zoona," anatero adadi. "Ndi ochepa. Koma alipo." Anatembenuza mutu, osandiyang'ana m'maso, koma pafupi, paphewa langa. "Unkamva?"

"Ndimamva nthawi zonse."

"Eee, zayambikatu," anatero aMakiyi. "Akazi anga, matendawa ngopatsirana?"

Azakhali sanaseke. Mano onse aja anali atabisala. "Iwe, usatichititse manyazi. Ukuloweza zopusazi kuti uwasangalatse adadi ako? Iwe si wotero ayi. Ndiwe mwana wabwinobwino, ndakuona chibadwire."

Chibadwire. Munthu amene sadziwa ngakhale kuti sindinamuyang'anepo m'maso. Ndinafuna kumwetulira monga mwa masiku onse, koma nkhope inakana, ndipo ndinaisiya. Ndinasiyanso nsidze zawo. Ndinayang'ana pansi, pa simenti, pomwe maso anga amapuma, ndipo mawu anatuluka aang'ono, osakwera, osatsika.

"Azakhali, sindipita. Pafyumu wanu amandipweteka pakhosi, wailesi yanu imandipweteka m'mutu, ndipo zigazazi ndimazidziwa zonse ndi mayina. Sindinatengere amayi ayi. Ndinatengera adadi."