Mapiko a Salaula

Amuna anga, a Lastone, anasiya kulandira chinthu m'manja mwanga chaka chimene anachotsedwa ntchito kufakitale ya nsalu. Ndikawapatsa sopo ankati ndiike pawindo. Ndikawapatsa nshima ankati alibe njala, koma ndikabwerako kumsika mbale ndinkaipeza yoyera ngati yanyambitidwa ndi mphaka. Ankadya ngati chakudyacho chagwa kuchokera kudenga, ine wochisaka osandiyang'ana n'komwe.

Mlandu wanga unali salaula, malonda a zovala zakale zochokera kunja. Boma latsopano litatsegula malire, mabelo a zovala zakale anadzaza m'tauni yathu ya Kafue, nsalu za kufakitale n'kusowa wogula. A Lastone anali okonza makina olukira nsalu, ndipo anatuluka pageti pamodzi ndi anzawo ambirimbiri. Ine ndinatenga belo yanga yoyamba kuti mwana wathu Favour asachoke kusukulu yogonera komweko. Kwa iwo ndinali nditalowa gulu la adani. Koma nthawi ya chisankho ndani ankavina pamsewu kufuna kuti zinthu zisinthe? Si iwo omwe? Walira mvula walira matope.

"Ivo ni vovala va bantu bakufa," ankatero. "Osavingenesa mu nyumba yanga."

"Nanga nyumba yanu idya chani, atate Favour?" ndinkawafunsa. Yankho lake linali chitseko chomenyetsa.

Tsiku lina ndinawapeza atakwera pampando, akutsitsa chinthu kudenga. Inali ndeke yoseweretsa ya malemu apongozi anga aamuna, amene anabwera kuchokera ku Petauke kudzagwira ukalipentala kunjanji. Apongoziwo anaipanga okha, mwana wawo Lastone asanayambe sukulu. Mapiko ake anali aatali kuposa mikono yanga yotambasula, koma mphemvu zinali zitadya pepala lonse, kwangotsala nthiti zamitengo zooneka ngati minga ya nsomba.

Ndeke zoseweretsa za masiku amenewo zinalibe woziwongolera. Munthu ankathira timafuta pang'ono, kuliza kainjini, kuiponya m'mwamba, basi n'kuyamba kuithamangira. Mapiko ake anali otukuka kumapeto kuti mphepo ikaipendeketsa izidziwongola yokha. Kumchira apongozi anamata chiwongolero chokhota pang'ono, kuti ndekeyo izingozungulira pamwamba pa bwalo mpaka itatera, isathawe. Zonsezi ndinazimva a Lastone akufotokozera mnzawo pakhonde, chifukwa ine sankandiuza kanthu.

Iwo sankafuna zothamangira ndeke. Ankafuna iziwamvera. Anapita kumsewu wa Lusaka komwe kumaima malole ochokera kumwera, n'kusinthanitsa njinga yathu ndi kabokosi ka wailesi kowongolera ndeke uli pansi, kokhala ndi timitengo tiwiri ta zala ndi mlongoti wokoka. Njinga imeneyo ndiyo ndinkanyamulira belo. Kuyambira tsikulo belo inakwera pamutu panga, ndipo khosi langa limawadziwa bwino a Lastone mpaka lero.

Ntchito yokha ankaidziwa, zimenezo sindingawamane. Nthiti zothyoka anasema zina kuchokera ku chiwale. Chiwongolero chokhota chija anachidula, n'kuchiwongola, n'kuchisokerera ndi ulusi kuti chizitembenuka uku ndi uku. M'mimba mwa ndeke anaikamo kamakina kokoka waya, mabatire n'kuwakankhira kumphuno. Akagwedeza chala pakabokosi, mchira unkagwedera, iwo n'kumwetulira. Ine ndinali nditaiwala kuti munthuyo ali ndi mano. Zinandipweteka kwambiri kuona kuti kumwetulira akadali nako, koma akusungira chiwale.

Azakhali anga a Phyllis, amene amalima ndiwo ku Shimabala, anabwera kudzationa. Anakhala tsiku lonse, a Lastone osatulutsa mawu opitirira moni. Powaperekeza kubasi anandigwira dzanja.

"Eunice, mwana wanga, uyu ukwati ulipo olo unasila kudala? Chipinda ku Shimabala chilipo. Salaula bagula na kuja."

"Ba anti, lekani niyese," ndinatero. "Bakatenga chintu chimozi chabe mu manja mwanga, nizankala. Bakakana, nizabwela."

Chimene chinatsala pandekeyo chinali chovala chake. Apongozi poyamba anaikuta ndi silika, pepala lija linabwera pambuyo. A Lastone anazungulira masitolo a ku Lusaka kufuna silika, n'kubwerako ndi fumbi lokha. Ndiye anatsegula sutikesi n'kutulutsa nsalu yathonje yotsiriza imene anatuluka nayo kufakitale. Ankadziwa okha kuti ndi yolemera, koma kuuma mutu kunawauza kuti nsalu ya makina awo siingawachititse manyazi.

Inawachititsa. Pabwalo la mpira la ku Estates ndekeyo inachoka m'manja mwawo, inalira, inadzikoka pang'ono ngati nkhuku yonenepa, n'kukalasa mphuno pansi pafupi ndi golo. Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndinali pamsewu ndi belo pamutu, ndipo ndinaseka nawo. Ndinaseka ndi mtima wonse, chifukwa khosi linali likundiwawa.

"Naenze nakuona," anatero madzulo, maso ali paphiko lothyoka. "Waseka maningi."

"Nanga nilile? Munalila imwe pamene munagulisa njinga?"

Tinatha masiku tikudutsana m'nyumba ngati alendo a pasiteshoni.

Ndiye m'mawa wina ndinadula mawaya a belo yatsopano kumsika, azimayi atandizungulira monga mwa masiku onse. Pakati pa masiketi panatuluka diresi yachikasu, yaikulu, ya mayi wina wonenepa wa kutsidya kwa nyanja. Nditaigwira inaterera m'zala ngati madzi. Inali silika weniweni. Audrey wa kusaluni anali ataigwira kale mbali ina.

"Iyi ni yanga, ba Eunice! Kambani chabe mutengo."

"Siili pa malonda," ndinatero, n'kuilanda, n'kuibisa m'chitenje.

Ndinalowa nayo m'nyumba masana, ndikudziwa kuti ndikuswa lamulo lawo. A Lastone anali patebulo, akusenda nsalu yathonje ija paphiko. Sindinaike diresiyo pawindo. Ndinaima patsogolo pawo n'kuitambasula m'manja.

"Silika," ndinatero. "Muziba kwamene yachoka."

Anayang'ana diresi, anayang'ana ine, anayang'ananso diresi. Mikono inayamba kundilemera koma sindinaitsitse. Ndinati mumtima, lero tione amene atope. Kenako anapukuta zala pabuluku, anatambasula dzanja, n'kuitenga. Chala chawo chinakhudza changa. Zikomo sananene, koma ine ndinatuluka panja ndikumwetulira ndekha. Madzulo amenewo ndinagula nsomba ya ku Chanyanya, ndipo anadya ine ndili pomwepo.

Anasula misoko yonse ya diresi mosamala, ananyowetsa silika, n'kumukoka pamwamba pa nthiti zija. Kenako anapaka mankhwala oumitsa onunkha ngati ochotsera utoto wa m'zikhadabo, mpaka nyumba yonse inatiwawitsa mutu. Silika atauma anakungika, ukamugogoda ndi chala n'kumalira ngati kang'oma. Pokuta phiko lachiwiri manja awiri anawachepera.

"Amake Favour, gwila apa," anatero.

Ndinagwira. Anali mawu anayi okha, koma ndinawasenza sabata yonse kumsika, ndipo anandipepukitsira belo. Ndinatumiza uthenga kwa azakhali kuti abwere Loweruka adzaone okha kuti banja langa lilipo.

Loweruka masana tinapita kudambo louma la kufupi ndi mtsinje, chifukwa a Lastone sankafunanso bwalo limene anasekedwapo. Koma mu Kafue nkhani siigona. Kunabwera azimayi anzanga a kumsika, achinyamata ochokera kokaphunzira nyimbo kutchalitchi, ndi azibambo amene anachotsedwa nawo ntchito, manja ali m'matumba. Azakhali anaima pambali panga ndi dengu lawo lopanda kanthu.

A Lastone anathira mafuta odzaza kathanki katsopano, anamenya pulopela ndi chala kangapo, injini n'kulira. Anathamanga pang'ono n'kuiponya. Ndekeyo inatsika ngati ikufuna kubwereza za ku Estates. Kenako inadzutsa mphuno n'kukwera. Inakwera, inakwera, dzuwa n'kuwala kupyola m'mapiko achikasu mpaka nthiti zonse kuoneka. Akakankha chala kumanzere, inkapita kumanzere. Akabweza, inkabwera kudzadutsa pamitu pathu, ana n'kumagwa pansi ndi kukuwa. Nkhope ya a Lastone inali ya mnyamata uja amene anandifunsira pasiteshoni.

Chimwemwe chinasefukira. Ndinaimba nthungululu, ndinavula chitenje n'kuchikupiza m'mwamba.

"Onani!" ndinakuwa. "Ni salaula yanga iyo! Yachoka mu belo yanga!"

Ndinkanyadira, Mulungu ndi mboni. Ndinkanyadira iwo, ndinkanyadira ine, ndinkanyadira kuti kamodzi kokha manja athu apanga chinthu chimodzi. Ndipo kodi linali bodza?

Azimayi a kumsika anaulandira mawuwo ngati nyimbo. "Salaula yambululuka! Salaula yambululuka!" Audrey anawomba m'manja n'kumauza aliyense kuti diresiyo anaigwira ndi iye poyamba. Ndiye mmodzi wa azibambo a kufakitale, wadazi, anaseka mokweza.

"Ba Lastone, bwanji? Ise tenze tiganiza ndimwe mwasala mweka wolimba. Kansi na imwe mwayamba kugulisa salaula, manje mugulisila kumwamba?"

Azibambo onse anaseka. A Lastone sanawayang'ane. Anatembenuza mutu n'kuyang'ana ine, ndipo nkhope ya mnyamata ija inali itapita. Anabweza maso kumwamba. Anaikhotetsa ndekeyo pang'onopang'ono mpaka mphuno yake inaloza kumtsinje, anaiwongola bwinobwino, n'kuchotsa zala patimitengo. Ndinamva kuti thapu. Anali atazimitsa wailesi. Kenako anakankhira mlongoti m'kati, chigawo ndi chigawo, osafulumira.

Ndeke ina ikanagwa pomwepo, koma iyi apongozi anaipanga yodziulukira yokha. Mphepo inaipendeketsa, iyo n'kudziwongola. Chiwongolero chokhota chimene chikanaizungulitsa n'kuibweza kudambo anali atachiwongola ndi manja awo a Lastone, ndipo thanki inali yodzaza. Inangopita molunjika, kuwoloka mtsinje, kulowera kumadambo a tsidya lija komwe kulibe njira ya munthu.

"Atate Favour, yasheni!" ndinakuwa, nditawagwira malaya. "Ibwezeni! Ni ndeke ya batate banu iyo!"

"Vovala va bakufa vibwelele kwamene vinachoka," anatero.

Anthu anali atasiya kuseka. Tonse tinaima chilili kuyang'ana kadontho kachikasu kakuchepa, mpaka kulira kwa injini kunazilala, kumwamba n'kutsala akakowa okha. Ndinalira, ndipo sindinabise. Sindinkalirira diresi. Ndinkalira chifukwa munthuyu anasankha kutaya chinthu chokhacho chimene atate ake anamusiyira, kusiyana n'kuti Kafue adziwe kuti analandira kanthu kwa mkazi wake.

A Lastone anatembenuka, anagwira dzanja langa, analitambasula, n'kuikamo kabokosi ka wailesi kaja.

"Tenga. Ni malipilo ya diresi yako. Manje nilibe chako."

Anachoka osacheuka, kulowera njira ya kutauni. Azakhali sananene kuti ndinakuuza. Anangotola chitenje changa pansi, anachikutumula, n'kundimangirira m'chiuno ngati mwana.

Kunyumba sindinachedwe. Ndinalongedza zovala zanga ndi za Favour, ndi mapoto awiri amene ndinagula ndekha. Kabokosi kaja ndinakaika pawindo, pamalo pamene ndinkaika sopo, ndipo basi ya ku Shimabala tinaipeza isanadzaze.