Ntchentche ya m'Diso la Amayi

"Setilaiti yako yasowanso," anatero abwana, n'kuponya pepala patebulo panga.

Linali tsiku lachitatu pulogalamu yanga ya pakompyuta ikunena kuti setilaiti ya zanyengo yachoka pamalo pake. Eni ake anali atayankha kale, mwaulemu woluma, kuti ili bwinobwino ndipo ikuwatumizira zithunzi za mitambo monga mwa masiku onse.

Ntchito yathu ndi yolondera masetilaiti amene amazungulira limodzi ndi dziko, moti ukawayang'ana uli pansi amaoneka ngati angoima. Telesikopu yathu imaloza malo amodzi n'kumajambula mpaka kucha. Pachithunzi nyenyezi zimatuluka ngati mizere chifukwa zikudutsa, pomwe setilaiti imangokhala kadontho. Kale anthu ankasaka timadonthoti ndi maso m'mawa uliwonse, mpaka misozi. Ine ndinatha zaka ziwiri ndikulemba pulogalamu yoti izichita zimenezi yokha, ndipo ndinkainyadira moti anzanga ankaitchula kuti mwana wanga woyamba.

Abwana anati likafika Lachisanu vuto lisanapezeke, aizimitsa, ine ndibwerere kosanja mafayilo komwe ananditenga. Sanakweze mawu n'komwe, ndipo zimenezo ndi zomwe zinandiopsa.

Ineyo ndine wouma khosi, sindibisa. Ndinaloza chala mitambo, galasi la telesikopu, ngakhale wotchi ya kompyuta. Wolakwa ndinamusaka paliponse kupatula pampando wanga.

Lachinayi masana ndinathamangira kunyumba kukawathira amayi mankhwala m'diso, poti anali atangowachotsa ng'ala. Ndinawapeza m'khitchini, kansalu kali m'manja, akudziseka okha. Anati m'mawa wonse akhala akulimbana ndi ntchentche, kuimenya pakhoma, pafiriji, pachitseko, osafa ayi. Kenako anakumbukira kuti adokotala anawachenjeza kuti diso lizionetsa timadontho takuda kwa masiku angapo.

"Nanga mwadziwa bwanji kuti si ntchentche yeniyeni?" ndinafunsa, ndikuwatsegula chikope.

"Ndatembenuza mutu," anatero. "Ya pakhoma imatsala pakhoma. Iyi ikungonditsata kulikonse, ngati iwe uli wamng'ono."

Dontho la mankhwala linagwera patsaya. Amayi anandifunsa ngati ndaiwala pomwe pali diso, koma maganizo anga anali atabwerera kale kuntchito.

Kamera yathu ndi yokalamba, nayo ili ndi ntchentche zake: timadontho towala totuluka pamalo amodzimodzi pachithunzi chilichonse. Ndine ndemwe ndinaphunzitsa pulogalamu kuti kadontho kosasuntha m'pang'ono pomwe ndi chilema cha kamera, kafufutidwe. Masetilaiti ena amapendama pang'ono, timadontho tawo n'kumasuntha pachithunzi, n'chifukwa chake ankapulumuka. Ya zanyengoyi eni ake anali atangoiwongola sabata yapitayo, inaima nji, pulogalamu yanga n'kuifufuta chifukwa cha khalidwe labwino. Manyazi anandigwira, koma pansi pa manyaziwo mtima unali kuvina.

Nditafika ku ofesi ndinayamba ndapita kwa abwana kukavomera kuti cholakwa n'changa, zomwe zinandiwawa kuposa kuzula dzino. Kenako ndinapempha amisiri osamalira telesikopu kuti izitembenuka pang'ono pokha ikajambula chithunzi chilichonse. Mkulu wawo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Zaka khumi ndakhala ndikumanga chinthuchi kuti chisagwedezeke, chemwali. Lero mukuti ndichigwedeze dala?"

Anang'ung'udza mpaka madzulo, koma anachita.

Lachisanu m'mawa abwana anaima kumbuyo kwanga manja ali m'thumba. Ndinatsegula zithunzi ziwiri zotsatizana, n'kumazisinthanitsa ndi batani limodzi. Timadontho ta kamera tinali duu pamalo pake, poti timatembenuka limodzi ndi kamerayo. Kadontho kamodzi kokha, cha kumanzere, kanalumphira pambali n'kubwerera. Pulogalamu inali itakazunguliza kale ndi mzere wobiriwira, nambala ya setilaiti ya zanyengo ili pambali pake.

"Ndi iyoyo?"

"Ndi iyoyo, bwana. Sinapite kulikonse."

Abwana anakoka mpando, munthu amene sanakhalepo pansi mu ofesi yanga, n'kundiuza kuti ndisendere uko.

"Lolemba pulogalamu yakoyi iyambe kulonderanso masetilaiti a kum'mawa," anatero osandiyang'ana.

Foni inayamba kulira mu ofesi yawo. Iwo anangosendeza nkhope kufupi ndi kompyuta, chala chili pabatani, akudina, kadontho kakulumpha, akudinanso.