Mphindi Imene Weston Anapempha

Weston Banda ankakonza mawotchi pasiteshoni ya sitima ku Kabwe kuyambira chaka cha ufulu. Bambo ake, amene anachoka ku Dedza kudzakumba mgodi, anamuuzapo kuti pakati pa kugunda kwa wotchi ndi kugunda kotsatira pamakhala mizimu yodya masiku a anthu. Weston ankangoseka.

Masana ena mu 1974 ali pamakwerero, atatsegula wotchi yaikulu ya pasiteshoni, anaona mkazi wake Alefa akuwoloka njanji, atanyamula chakudya chake. Mwadzidzidzi Alefa anagwa. Phazi linali litapanikizika pamphambano ya njanji, ndipo sitima ya malasha inali itakhota kale, ikulira.

"Alefa!"

Mosadziwa chimene akuchita, Weston anapanikiza gudumu la wotchiyo ndi chala. Zonse zinaima. Utsi unangoti njo m'mwamba, khwangwala anauma mapiko ali chitambasulire.

Pamenepo mizimu itatu inatuluka m'wotchimo, yaitali, yoonekera mkati ngati madzi, nkhope zikusinthasintha, pano khanda, pano nkhalamba.

"Watseka njira yathu," unatero umodzi. "Chotsa chala."

"Chonde, ndipatseni mphindi imodzi yokha. Mkazi wanga afa."

"Tikakupatsa, tidya zaka zako khumi ndi zisanu."

Weston anayang'ana sitimayo. Panatsala mayadi ochepa.

"Idyani."

"Thamanga. Gudumu tigwira ndife."

Anadumpha pamakwerero. Kuthamanga kwake kunali ngati kwa munthu woyenda m'matope. Mawondo anayamba kuwawa, mpweya kuchepa, maso kuchita chidima. Atafika anagwada, koma zala zinkanjenjemera, lamba wa nsapato ya Alefa osamasuka. Kumbuyo anamva wotchi ikuti the, kuyambanso kugunda. Analuma lambayo ndi mano mpaka kuduka, nakoka mkazi wake ndi mphamvu zonse zotsala.

Sitima inadutsa ndi chiphokoso, mphepo yake ikuwawomba ali chigonere m'miyala.

Alefa atadzuka anamuyang'anitsitsa, dzanja lili pakamwa.

"Atate ake Nelly, imvi zonsezi zachokera kuti?"

Anzake a ku Railways ankati ndi mantha amene anamukalambitsa, iye osawatsutsa. Manja sanasiye kunjenjemera, choncho ntchito anaisiya, banja n'kusamukira kukomboni ya Chowa. Alefa yekha ndiye anauzidwa zoona. Analira tsiku lonse, kenako anatsegula kasitolo pakhonde, ndipo sanalolenso mwamuna wake kunyamula chilichonse cholemera.