Madzi a m'Thanki ya Pijo

Pijo 404 ya a Fanwell Njobvu inatha zaka zinayi pansi pa mtengo wa mango ku Kamitondo, mumzinda wa Kitwe, osasuntha, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake. Eni ake nawonso anali chigonere. Fumbi la mumgodi linawadya mapapo, moti kuchoka pabedi kufika pazenera unali ulendo wopumira panjira. Koma Belinda, mwana wawo wotsiriza, atatchula tsiku la ukwati wake ku Ndola, mkuluyo sanachulutse gaga m'diwa: mwanayo akafika kutchalitchi pa galimoto imeneyo, iwo atakhala kutsogolo. Dokotala anali atanong'oneza kale banja kuti mvula ya chaka chino mwina sadzaiona.

Ntchito inagwera Shadreck, mwana wachisamba, makaniko wa maminibasi, munthu wa mtima wapachala ndi pakamwa pothamanga. Lolemba anadzitama kuti ndi kantchito ka masiku awiri. Lachinayi linamupeza akadali wakuda ndi girizi. Anatsuka kabureta, anasintha sefa, anapopa paipi ndi pakamwa mpaka milomo kusuwa, koma injini inkangotsokomola kawiri n'kuzima. Kutsokomolako kunkafanana ndi kwa bambo ake, ndipo kunkamulasa mumtima.

Pomaliza anamasula bawuti ya pansi pa thanki. Munatuluka madzi ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, pafupifupi kudzaza beseni. Atagogoda ndi sikuludiraiva, chitsulo chinangoboowoka. Dzimbiri linali litamaliza kale ntchito yake.

Shadreck anayaka moto. Anatukwana ana a oyandikana nawo, anatchula nsanje, anakumbukiranso amalume ena amene ankaifuna galimotoyo kalekale. Amayi ake, a Georgina, ankamvetsera ali pakhonde ndi kolona m'manja, akupukusa mutu pa kuipa kwa anthu.

Lachisanu m'mawa ali chagada kunsi kwa galimoto, anaona mapazi a amayi ake akuchokera ku Misa. Anamva chivindikiro cha thanki chikutseguka. Kenaka madontho ozizira anamugwera pachifuwa.

Anatuluka mokwawa. Amayi anali ndi kabotolo ka pulasitiki ka madzi odalitsidwa.

"Amai, muchita chani?"

"Zamene atate ako anali kuchita," anayankha monyadira ndithu. "Chisanu choyamba cha mwezi anali kuthiramo madzi odalitsa, na paulendo wautali futi. Chidwalire chawo ine sin'naphonyeko olo kamodzi. Manje iwe limbikira mbali yako, ine yanga nachita."

Mawu amene anafika pakhosi pa Shadreck anali oti akanagwetsa mango osapsa. Anawameza, ndipo kanali koyamba m'moyo wake. Analowa m'nyumba.

Bambo ake anali pazenera, atatsamira pilo. Sanadikire funso.

"Unali sipiriti," anatero, akudula mawu kuti apume. "Umachotsa madzi mu thanki. Mu eite-eiti n'nalumbira pamaso pa amako kuti nasiya mowa. Akanaona botolo ya sipiriti, akanati nabwererako. N'nauthira m'kabotolo kawo ka kuchalichi. Tsiku lina anandipeza nithira mu motoka. Analira, mwana wanga. Ati mwamuna wanga watembenuka."

"Manje zaka folo muwaona pa windo apa, osakamba?"

"Mkazi uja anandikhululukira zambiri chifukwa cha kabotolo kaja." Anapumira m'mwamba kanthawi. "Usawauze. Koma motoka iyende mailo, tsiku la ukwati."

Shadreck anatuluka ali ndi mkwiyo wopanda poutula. Anakwiyira bambo ake chifukwa cha bodza, amayi ake chifukwa cha kukhulupirika, ndipo koposa zonse ankaopa. Thanki ya 404 siipezeka ngati tomato pamsika. Anazungulira Kitwe yense, mwa ogulitsa zitsulo zakale ndi mwa owotcherera, ndipo aliyense ankangoseka: dzimbiri saliwotcherera.

Madzulo anachita zimene akanam'tukwanira makaniko wina aliyense. Anatenga chigubu cha malita makumi awiri. M'buti sakanachiika, chifukwa fungo la petulo likanawatsiriza bambo ake asanafike n'komwe pa mlatho wa Kafue. Anachimangirira pakeriyala padenga, n'kutsitsa paipi m'mbali mwa galasi mpaka ku kabureta. Injini inatsokomola, inatsokomolanso, kenaka inagwira. Akazi a m'banjamo anakuta chigubucho ndi nsalu yoyera ndi maliboni, mwakuti wosadziwa akanati ndi mphatso ya akwati.

Loweruka m'mawa, amuna awiri ananyamula a Fanwell n'kuwakhazika kutsogolo, suti ikulendewera pathupi ngati yobwereka. Belinda ankadikira kwa azakhali ake ku Northrise, ku Ndola komweko, ndipo foni inali italira kale katatu. Shadreck ankati azilowa, pamene anaona amayi ake akubwera ndi kabotolo kaja. Paulendo wautali futi. Anali ataiwala, ndipo bowo lija sanalitseke.

Akanatha kunena kuti nthawi yatha. Koma amayi anali ataima kale pambali pa thanki, atavala chitenge chawo chatsopano, akudikira. Anawatsegulira yekha chivindikiro.

Amayiwo anathira akunong'ona pemphero. Madzi analowa pamwamba n'kutulukira pansi, ofiirira, ndipo anayenderera pafumbi louma mpaka kukhudza nsapato yawo. A Georgina anayang'ana madziwo. Anakweza maso kuona chigubu padenga, natsatira paipi mpaka ku boneti. Mkazi amene wakhala ndi mwini galimoto zaka makumi anayi sasowa womumasulira zotere.

"Ndine n'naiononga?"

Shadreck anangoti zyoli, chivindikiro chili m'manja.

Amayi anazungulira pang'onopang'ono mpaka pazenera la kutsogolo. "A Fanwell, zaka zonse zija munali kuthiramo chani?"

Mkuluyo anatsegula pakamwa, koma chifuwa chinawatsekereza. Anatsokomola mpaka misozi, dzanja likufufuza chogwira. A Georgina anawayang'ana nthawi yaitali, nkhope ili gwa. Kenaka anapendeketsa kabotolo, nanyowetsa chala ndi dontho lotsala, n'kuwalemba mtanda pamphumi.

"Sungani mpweya, mwana atiyembekeza. Muzaniyankha tikabwerako."

Analowa kumbuyo n'kutseka chitseko mwamphamvu. Shadreck analiza injini, ndipo inagwira kamodzi. Potuluka pageti anamva bambo ake akupuma movutikira pambali pake, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata yonseyo anapemphera, osati za galimoto, koma kuti mkuluyo abwereko kudzayankha.