Sanda ya Apongozi

Tahani anakwatiwa kuno kumudzi kuchokera ku Cairo, Chingerezi chodzadza m'kamwa koma osadziwa ngakhale kutupitsa buledi padzuwa. Apongozi ake, a Hajja Bakhita, anangomuona tsiku limodzi n'kugamula kuti, "Mwana wanga wagula wailesi, osati kukwatira." Kuyambira pamenepo m'nyumbamo munali atambala awiri m'khola limodzi.

Mtsikanayo ankaphunzitsa pasekondale ya anyamata, kuseri kwa minda ya nzimbe. Buku la mayeso chaka chimenecho linali sewero lakalekale la Azungu, la mafumu ophana pachibale mpaka bwalo lonse mitembo yokhayokha. Akamawerenga, anyamata ankangoyasamula. Ndiye anaganiza zoti azilisewera.

Koma m'kalasimo munali Rifai wa kwa Dardiri ndi Hamam wa kwa Makhlouf. Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, bambo aang'ono a Rifai anawombera bambo a Hamam polimbirana madzi a m'ngalande. Wowomberayo anafera kundende, koma imfa ya kundende sizimitsa magazi. A Makhlouf anakana kupepesedwa maliro, ndipo banja likakana chipepeso ndiye kuti likudikira tsiku lake. Tsono sabwezera pa chitsiru ayi, amasankha mwana amene banja limanyadira. Kwa Dardiri woteroyo anali Rifai, woyamba m'kalasi. Wodzagwira mfuti anali Hamam, amene mayi ake ankamuonetsa malaya amagazi a bambo ake Lachisanu lililonse.

Njira yothetsera zimenezi ndi imodzi. Mwamuna wa banja lopha avule nsapato, anyamule m'manja sanda, nsalu yoyera yokulungira mtembo ija, akaipereke kwa oferedwa, ngati kunena kuti ndafa kale, chitani nane zomwe mufuna. Koma a Dardiri, makosi ngati ngamila, ankati bola kutha onse.

Tahani ankadziwa zonsezi. Ankakhazika wina kuzenera wina kukhomo, ndipo m'mawa uliwonse sankayamba kuphunzitsa mpaka ataona mitu yonse iwiri.

Tsiku lina Rifai anakweza dzanja. "Aphunzitsi, anthu onsewa kufa chonchi, panalibe wowaletsa?"

"Aliyense ankadikira kuti mnzake ayambe kugonja," anatero Tahani.

"Ndiye ndi a kwathu kuno amenewa, angovala mathalauza!" anakuwa wina kumbuyo. Kalasi inaseka. Awiri aja sanaseke.

Lachiwiri linali tsiku losewera gawo lomaliza, ndipo panafunika nsalu yofunditsa mtembo wa mfumu. Tahani, pofulumira, anatsegula bokosi la apongozi iwo ali kumsika, n'kutola nsalu yoyera yopindidwa bwino pansi penipeni. Ankaganiza kuti ndi yoyala pabedi. Mkazi wophunzira ameneyo! Fungo lake lokha likanamuuza.

Anatulutsa anyamata pabwalo, pansi pa mtengo wa kanjedza. Hamam anamuika m'gulu la oonerera kuti asayandikane ndi mnzakeyo. Kenako anati, "Rifai, thamanga ukatenge nsalu ndasiya patebulo."

Rifai anachedwa. Atatulukira pakhomo, phokoso linangoti zii. Nsapato anazisiya pakhonde. Nsalu ija anaiyangata pa mikono yonse iwiri, mutu atawerama, akuyenda pang'onopang'ono pa mchenga wotentha. Anadutsa amene ankasewera mtembo osamuyang'ana n'komwe, n'kukaima pamaso pa Hamam.

"Rifai, bwera nayo kuno," anatero Tahani.

Odula nzimbe anali ataona kale pamwamba pa mpanda. Kuno nkhani siyenda, imauluka. Tiyi wa ahedi asanazizire, pachipata panali patadzaza amuna, ndipo mikanjo yawo inali yotukuka m'mbali mosonyeza kuti pansi pake pali zitsulo. Ahedi anadzitsekera mu ofesi. Anyamata anakanirira kukhoma. Pakati panatsala atatu: Rifai ndi nsalu yake, Hamam, ndi Tahani.

Bambo a Rifai anakuwa ali kuchipata. "Iwe galu, wakutuma ndani? Ukutivula pamaso pa anthu! Taya chimenecho!"

Rifai sanatembenuke.

A Azzam, akulu awo a malemu bambo a Hamam, analowa mosafulumira, dzanja lili m'kati mwa mkanjo. Anaima pafupi ndi Tahani moti anamva fungo la fodya wawo.

"Mayi wa ku Cairo," anatero motsitsa mawu, "tamva kuti pano mumachita zisudzo. Ndiye mundiuze. Ili m'manja mwa mwanayu ndi sanda, kapena ndi chinsalu cha masewera anu? Chifukwa ngati a Dardiri akuseweretsa magazi a mng'ono wanga, mwanayu sabwerera ku nsapato zake."

Tahani anayesa njira zonse ziwiri m'mutu. Akanena kuti ndi ya pabedi, Rifai wafa. Akanama kuti ndi sanda, a Azzam aitambasula, aona okha, ndiye afa onse awiri.

Pomwepo kumsewu kunamveka mawu amene Tahani ankawadziwa kuposa belu la sukulu.

"Ali kuti wakubayo? Ndipatseni njira! Wapisa m'bokosi mwanga ine ndili moyo!"

A Hajja Bakhita anakankha amuna ndi ndodo yawo ngati akukusa mbuzi. Tahani anatseka maso. Kamwa limenelo silinasungepo chinsinsi chiyambire, ndipo lero likanena kuti nsaluyo yabedwa m'nyumba kukachitira sewero, zatha.

Gogoyo anafika pakati, akupuma mwawefuwefu. Anaona mapazi a Rifai. Anaona dzanja la a Azzam. Anayang'ana mpongozi wake nthawi yaitali, ndi diso loti tikaonana kunyumba.

"Hajja," anatero a Azzam, "inu mwasambitsa maliro ambiri m'mudzi muno. Tatiuzani, nsaluyi ndi chiyani?"

A Hajja anaigwira m'mphepete, n'kuinunkhiza.

"Azzam, wakalamba maso kapena mphuno? Iyi ndi sanda. Yogulidwa ku Maka, mzinda woyera, yoviikidwa m'madzi a chitsime chopatulika cha Zamzam, zidutswa zake zonse zili momwemo. Ukufuna ndikuyeze nayo?"

Sananame ngakhale liwu limodzi. Anangosiya kunena mwini wake.

A Azzam anatembenukira kwa Hamam. Mwini magazi anali iyeyo, ndipo pamwambo palibe akanamuyankhira. "Mwana wa mng'ono wanga, mayi ako akudikira kunyumba. Ukudziwa chimene akudikira."

Hamam anayang'ana pansi. Thukuta linkagwa pa mchenga. Tahani anamva mfuti ina ikukokedwa kuchipata, kaya ya mbali iti.

"Ndatopa nawo malaya aja," anatero mnyamatayo, mawu ali otsika. Anatambasula manja n'kutenga nsaluyo. "Ndalandira. Pita ukavale nsapato, Rifai, mapazi ako akununkha."

Palibe anaseka. A Azzam anatulutsa dzanja m'mkanjo lili lopanda kanthu, n'kulavula pansi. Bambo a Rifai anakhala pa mwala atagwira kumutu. Madzulo asanafike nkhosa inazingidwa pabwalo la sukulu lomwelo, ndipo a Makhlouf anayala mikeka kulandira chipepeso cha maliro a zaka zisanu ndi zinayi.

Mayi a Hamam okha sanatuluke. Malaya aja sanawatenthe, ndipo mpaka lero Tahani akalowa m'kalasi amayamba wayang'ana kuzenera ndi kukhomo.

Kunyumba tsono, a Hajja anamudikirira pakhomo ndi ndodo.

"Ndiye ine ndikafa mudzandikulunga m'chiyani? M'buku lako la Chingerezi?"

"Pepani, amayi, sindinadziwe."

"Sunadziwe! Digiri yonse ija osasiyanitsa bedi ndi manda! Uuze mwamuna wakoyo andibwezere ku Maka ndikagule ina. Ndipo mpaka ipezeke sindifa, wamva? Uzindiona pompano."