Chibowo cha M'nthambi ya Mango

Zikhale analowa ntchito yosamala maluwa ku Eriya 10 chifukwa cha mtengo umodzi wa mango. Pamene panali nyumba ya abwana akewo, kale panali mudzi wa kwawo. Boma litati likulu lichoke ku Zomba, mudzi unasamutsidwa, mathirakitala anagumula zonse, koma mango aja anatsala.

Chaka chomwecho mwana wake Nebert anabwerera dzuwa lili paliwombo kudzathyola mango akwawo. Wapolisi wolondera malowo anamuwombera, nafera pomwepo. Lipoti linati Nebert anali mbava, anathamangira wapolisiyo ndi chikwanje, ndipo wapolisi anangodziteteza. Analemba lipotilo ndi a Chikaonda, mkulu wa wapolisiyo. Analiunika n'kulivomereza ndi a Chikaonda omwewo.

Koma chipolopolo chitapyola Nebert chinakalowa m'nthambi yaikulu, pamwamba poti munthu sangafikepo ngakhale atakwera pa phewa la mnzake. Wothamanga ndi chikwanje sathamangira m'mwamba mwa mtengo. Zikhale ankangofuna kuti wina wa boma akaone chibowocho, mawu oti mbava achoke pa dzina la mwana wake.

Anakadandaula ku boma, ku Old Town. Anamuuza kuti nkhani zotere tsopano zili ndi komiti yoziunikanso, koma komitiyo ikadali ku Zomba. Atapitanso anati komiti yafika, fayilo ndiyo yatsala. Ulendo wachitatu fayilo inali pa lole, lole itafera ku Ntcheu. Wachinayi anakwera Capital Hill wapansi, napeza ofesi yonunkha penti, yopanda mpando, mesenjala atakhala pa katoni.

"Mubwere mwezi wamawa, madala."

"Mtengo ukukula," anatero Zikhale.

"Za mitengo ndi nyumba inayo."

Mango amatseka okha bala lawo. Choncho Loweruka lililonse Zikhale, ndi imvi zake, ankakwera mtengo uja, n'kupala khungwa m'mbali mwa chibowo ndi kampeni kuti chisatsekeke. Zaka zinakwana zitatu.

Mayi Sophia, akazi a abwana, anatopa nayo nthambi ija. Inkagwetsa mango pa galimoto, ntchentche n'kudzaza pakhonde.

"Zikhale, ndanena kangati? Nthambi iyo idulidwe."

"Ndamva, adona."

"Kumva mumamva bwino zedi. Nanga nkhwangwa?"

"Yabuntha."

"Yabuntha kuyambira chaka chatha? Lachisanu ikakhala ilipobe, mudzafune kwina ntchito."

Lachitatu Zikhale anapitanso ku Capital Hill, nakhala pansi pakhomo pa ofesi ija. Anthu a masuti ankamulumpha miyendo. Madzulo kunatuluka a Msiska, mlembi wa komiti, munthu wa ku Rumphi wowonda ngati bango.

"Adada, mukhala pano mpaka liti?"

"Mpaka Lachisanu. Likakwana, basi, mulembe zimene mukufuna."

Lachinayi m'mawa Landirova inaima pageti. Munatsika a Msiska ndi fayilo, wapampando wa komiti wa mimba yake, ndi a Chikaonda, amene tsopano analinso m'komitimo monga wodziwa za mfuti. Zikhale anawayang'anitsitsa a Chikaondawo.

Atatuwo anaima patsinde, makosi chagada.

"Ine sindikuona kanthu," anatero a Chikaonda.

"Chili pamwamba pa nthambi, bwana. Mpaka mukwere."

"Ndikwere? Ine? Madala, mukundiyesa pusi?"

Wapampando anafotokoza kuti komiti imalemba zokhazo zimene yaona ndi maso ake, ndipo zonena za wachibale si umboni. Anafunsa makwerero. Mayi Sophia anati alibe. A Msiska anati makwerero a ofesi analembedwa pa katundu wochokera ku Zomba, koma sanafike.

"Aiduletu, tiionere pansi," anatero a Chikaonda.

"Eya!" anavomera mayi Sophia. "Nkhwangwa ili kuseri uku."

"Ikagwa pansi mudzati ndi chikuni," anatero Zikhale. "Mudzafunsa kuti inali pati."

Wapampando anayang'ana wotchi, nati nkhaniyi aiike pa msonkhano wotsatira. Anayamba kubwerera ku galimoto. Zikhale anayang'ana nthambi ija. Zaka zitatu za nyerere zoluma m'khwapa, ndipo akuluakulu a boma akulephera mtengo umene mwana aliyense wa m'mudzi uja ankakwera ali ndi mango mkamwa! Anavula nkhwaira zake, naziika patsogolo pa a Msiska, nakwera. Atafika panthambi anakhala, naloza chibowo ndi chala.

A Msiska anayang'ana nkhwaira zija nthawi yaitali.

"Msiska, tiyeni," anaitana wapampando.

"Kwathu mango aliko, bwana," anayankha a Msiska, akumasula zingwe za nsapato. Anavula jekete, tayi n'kuiponya kumsana. Anatereka kawiri, buluku linang'ambika pa bondo, nyerere zinawalowa m'kolala, koma anafika. Zikhale anawapatsa kampeni. Anapisa m'chibowo, nsonga inagogoda chitsulo.

Atatsika, a Msiska sanavale n'komwe nsapato. Anatsamiritsa fayilo pa boneti, nalemba ndi inki, akuwerenga mokweza: "Chipolopolo chili m'nthambi, chinalowa kuchokera pansi. Womwalirayo anali m'mtengo."

"Ine sindisaina zimenezo," anatero a Chikaonda.

"Musasaine, bwana. Ndasaina ine amene ndaona."

Wapampando anapuma mwamphamvu. Anati popeza komiti yagawanika, fayilo ipita kwa akuluakulu ena oti akagamule.

"Ali kuti?" anafunsa Zikhale ali m'mwamba.

A Msiska anakanda pamene panaluma nyerere. "Ku Zomba, adada. Sanasamuke."

Landirova itapita, mayi Sophia anaima patsinde, manja m'chiuno.

"Aona, alemba. Tsopano mudula?"

"Enawo sanaone."

Mayiwo anayang'ana nthambi, nayang'ana galimoto. Kenaka anakuwira dalaivala kuti kuyambira lero galimoto aziimika kuseri.

Loweruka Zikhale ananola kampeni, nakwera.