Afrakoma ndi Ng'oma za Ababa

Sindinaonepo mzimayi wosangalala ndi thukuta ngati mng'ono wanga Afrakoma. Moto wa m'thupi unatiyamba chaka chimodzi tonse awiri, msambo utayamba kudumphadumpha, koma ine zinkandinyansa kwabasi. Umakhala uli phee pamsika ukugulitsa nthochi zako, mwadzidzidzi chinthu chija chabuka pachifuwa, chakwera m'khosi, nkhope yonse chonyowa, bulauzi yamatirira kumsana. Tulo tinandithawa, mawondo anayamba kulira, ndipo amuna anga ndinkawakalipira ngakhale chifukwa cha katafunidwe kawo. Koma Afrakoma moto ukamubukira ankaimirira pakati pa msika manja ali m'mwamba.

"Wabweranso, achemwali! Wabweranso!"

"Khala pansi iwe, anthu aziti wazungulira mutu."

"Asiyeni anene. Inu kupizani kuno, kukhosiku."

Chimwemwe chakecho chinali ndi chifukwa. Bambo athu, Agya Bempa, ndiwo ankaimba atumpan, ng'oma ziwiri zoyankhula za kwa mfumu, yaimuna ndi yaikazi. Ana aamuna anabereka awiri, koma wina amayendetsa minibasi ku Kumasi, winayo ndi m'busa ndipo ng'omazo safuna n'kuziona komwe. Wobadwa ndi manja anali Afrakoma. Ankaimba pa chilichonse, pamtondo wosinjira fufu, nsima yathu ya chinangwa, pabeseni, ngakhale pamsana pangapa, ndipo mawu onse a ng'oma anawaloweza akadali kamtsikana, akumvetsera kuseri kwa khitchini. Koma mkazi amene akusambabe sakhudza ng'oma za mfumu, ngakhale timitengo take toimbira. Amaloledwa ndi amene wasiyiratu, amene akuluakulu amati wasanduka mwamuna.

Tsono Ababa anali atakalamba. Manja awo ankanjenjemera moti msuzi unkathera pansalu usanafike kukamwa. Chimene Afrakoma ankafuna chinali chimodzi basi: kuimba ng'oma zimenezo Ababa akadali moyo, akumva ndi makutu awo, osati pamaliro awo.

Ndinamuperekeza kwa Nana Dufie, mfumu yathu yaikazi. Nana anagwirapo ntchito ya unamwino, ndiye pankhani zimenezi sungawapusitse.

"Wasiya liti?" anafunsa Nana.

"Kalekale, Nana."

"Kalekale wake uti? Si iwe ndinakuona mwezi wathawu ukugula thonje uku ukuyang'ana uku ndi uku?"

Ine ndinaphulika kuseka, Afrakoma n'kunditsina pantchafu. Nana anati zinthu zimenezi n'zachinyengo, zimachita kutsanzika bwinobwino kenako n'kudzagogodanso. Anagamula kuti pakhale chaka chathunthu chopanda ngakhale kadontho, kuchokera pa Odwira wa chaka chimenecho, chikondwerero chathu cha zilazi zatsopano, mpaka Odwira winayo. Zikatero adzakamuimika okha pang'oma. Anatilangizanso kuti tizimwa madzi ambiri, tisiye nsalu za nayiloni, ndipo tsabola tichepetse. Za tsabolazo tonse awiri tinangoyang'ana kudenga.

Chaka chimenecho sindidzachiiwala. Afrakoma anameta tsitsi kukhala lalifupi ngati la agogo a kunyumba ya mfumu, ati mutu uzipita mphepo. Anagula chidebe chosungira ayezi, n'kumavikamo timataulo, ndipo posapita nthawi azimayi onse amsinkhu wathu mumsikamo anadziwa kothawira. Anthu amene tinkabisirana, aliyense akuganiza kuti walodzedwa yekha, tinayamba kukhala pamodzi kuseri kwa tebulo lake, thaulo pakhosi, tikuululirana.

"Ine dzulo ndalira chifukwa nkhuku yandiyang'ana moipa," anatero wina.

"Nkhuku ndiye bola. Ine abambo akwathu ndawasamutsira pampando, amatentha ngati mbaula."

"Amatentha ndi iwo kapena ndiwe?"

Tinkaseka mpaka ogula kumabwerera poganiza kuti tamwa. Kunena zoona, ine moto wangawo sindinayambe ndaukonda, koma ndinasiya kuuchitira manyazi, ndipo zimenezo anandichitira ndi Afrakoma.

Mutu wake unkaiwala zinthu mochititsa mantha. Mchere ankathira kawiri, makiyi ankawapeza m'dengu la tomato, tsiku lina anapita kumunda wa koko n'kukaima osadziwa chomwe wadzera. Koma mawu a ng'oma sanaiwale ngakhale amodzi. Madzulo aliwonse ankagadabuza mabeseni awiri pabwalo, pafupi ndi mpando wa Ababa, n'kumaimba ndi timitengo ta chinangwa.

"Mkazi pang'oma zanga?" ankatero Ababa, maso ali chotsinzina. "Ndiyambe ndafa kaye."

"Ndiye musafe, Ababa, tizikangana bwino."

"Dzanja lamanzerelo likuchedwa. Ukuimba kapena ukuthamangitsa ntchentche?"

Amakana chonchowo ndi omwewo amene anaitanitsa munthu kuti adzakunge ng'omazo zikopa zatsopano. Mwezi ukatha bwino, Afrakoma ankabwera kwanga akuvina kuyambira kumsewu, ndipo ine ndinkamuphera nkhuku pafupifupi mwezi uliwonse mpaka amuna anga anayamba kudandaula za khola lawo. Nsalu yoyera yodzavala tsikulo anasoketseratu mvula isanayambe n'komwe.

Odwira atayandikira, tauni yonse itayamba kale kupaka laimu m'makoma, Afrakoma anafika patebulo langa m'mawa wina osaimba, osakuwa. Anangokhala pansi pathumba la makala.

"Achemwali, alendo aja abwera."

Ndinayang'ana uku ndi uku.

"Wakuona ndani?"

"Palibe."

"Ndiye palibe chachitika. Timadontho tiwiri tokha? Chapa, utseke pakamwa."

"Ndikaime pamaso pa Ababa bodza lili m'nsalu?"

"Iwe, Ababa sadzafika Odwira winayo! Sukuwaona mmene athera?"

Ndinanena mawu amenewo mokuwa, ndipo tonse awiri tinalira pomwepo, pakati pa nthochi. Ndinamunyengerera, ndinamutukwana, ndinamutcha chitsiru cha tauni yonse, koma Afrakoma anapukuta nkhope n'kulunjika kwa Nana Dufie. Nana anamutumiza kaye kuchipatala kuti akamuyeze, ndipo anakapeza kuti palibe choopsa, thupi linkangotsiriza ntchito yake. Komabe mwambo ndi mwambo. Chaka chinayenera kuyambiranso, ndipo akuluakulu anatumiza uthenga ku Kumasi kuti kubwere woimba wina. Ababa atamva anangotembenukira kukhoma. Ine ndinakwiyira aliyense, Nana, mwambo, mwezi kumwamba, makamaka mng'ono wanga ndi chilungamo chakecho.

Tsiku la Odwira linafika, Afrakoma ali bwinobwino, alendo ake atapita kale. Nsalu yoyera ija anavalabe, ati sanaisokere njenjete. Pabwalo la mfumu panadzaza anthu, maambulera aakulu akuzungulira, azimayi atanyamula eto, chakudya cha zilazi zosinja ndi mazira. Woimba wa ku Kumasi uja anali atafika kale pang'oma, akupinda nsalu yake m'chiuno, pamene Ababa analamula kuti awanyamule pampando. Anati ng'oma zimene wakhala nazo moyo wonse suzisiya osatsanzika.

Anawaimiritsa kutsogolo kwa ng'omazo, mlendo uja n'kuwapatsa timitengo mwaulemu. Ababa anakweza dzanja, anamenya kamodzi, kamtengo kanagwa pansi. Anawatolera. Anamenyanso, kanagwanso, n'kugubuduzika mpaka kumapazi a anthu. Ine ndinafuna nthaka itseguke, chifukwa bambo amenewa kale akaimba, anthu a kutsidya kwa mtsinje ankadziwa nkhani asanatumiziridwe munthu.

Sindinaone nthawi imene Afrakoma anachoka pambali panga. Ndinangoona chinthu choyera chikudutsa pakati pa bwalo. Anadikira mlendo uja awabwezere kamtengo m'manja, kenako anaima kumbuyo kwa Ababa, anawatsamiritsa pachifuwa pake, n'kuwagwira mikono yonse iwiri, polumikizira dzanja.

"Mkaziyo! Mchotseni mkaziyo!" anakuwa mkulu wina atadzuka pampando.

Nana Dufie sanadzuke n'komwe pansi pa ambulera yawo.

"Wakhudza ng'oma?" anafunsa.

"Ayi, Nana, koma..."

"Wakhudza timitengo? Ine ndikuona mwana wagwira bambo ake. Kapena mwambo umenewonso ulipo, woletsa mwana kugwira bambo ake? Khalani pansi, mukutitchinga."

Mkuluyo asanapeze mpando wake, ng'oma yaimuna inabangula. Yaikazi inayankha. Abale inu! Timitengo tinali m'manja mwa Ababa, koma mphamvu ndi liwiro zinali za Afrakoma, ndipo ng'omazo zinayankhula momveka ngati munthu waima pachulu. Zinapereka moni kwa mtengo umene anazisemera, kwa nyama imene inapereka chikopa, kwa nthaka, kwa mfumu. Azimayi a kuseri kwa tebulo aja anali oyamba kulowa m'bwalo, akugwedeza mataulo awo m'mwamba, akukuwa ngati timu yawo yagoletsa. Ine ndinapezeka ndili pakati pawo, nsapato imodzi sindikudziwa komwe inatsalira. Mlendo wa ku Kumasi uja anali atakweza zala ziwiri m'mwamba posonyeza kuyamikira, kukamwa kuli yasa. Afrakoma thukuta linkachita kuyenderera m'zigongono, nsalu yoyera ija yamatirira thupi lonse, akuseka mano onse pamtunda.

Kenako inafika nthawi ya maina. Woimba atumpan asanamalize amatchula pang'oma amene anaziimba iye asanabwere, mmodzimmodzi, kuyambira woyambirira, n'kutsiriza ndi dzina lake. Anthu anasiya kuvina kuti amve. Afrakoma anawatchula onse bwinobwino, agogo athu, agogo a agogo athu, mpaka anafika pa Bempa. Analiimba dzina limenelo mwamphamvu, n'kuimitsa manja, chifukwa mndandanda unathera pomwepo.

Koma timitengo sitinaime. Ndinaona nkhope ya Afrakoma ikusintha, akuyang'ana manja ake ngati si ake. Anali Ababa tsopano amene ankakoka. Mikono yowonda ija, itapeza poyedzamira, inasiya kunjenjemera, ndipo iye ankangoigwirizira kuti isagwe. Ng'oma zinayankhula pang'onopang'ono, motsitsa, ngati nkhalamba ikukwera chitunda, koma aliyense wodziwa kumva anamva.

Afrakoma, mwana wa Bempa, woimba ng'oma.

Ine ndinakhala pansi pafumbi pomwepo n'kulira mokweza, mopanda manyazi, chifukwa cha chisangalalo. Afrakoma anabisa nkhope paphewa pa Ababa, mapewa ake akugwedezeka, koma mikono ija sanaitaye. Ababa anapuma mwamphamvu kawiri katatu, kenako anamugunda ndi chigongono.

"Dzutsa mutu iwe," anatero. "Tiyenso, akumbuyo sanamve."